Ora la mapemphero linali 15 hours

Kuwerenga kwa sabata ino: Macitidwe 3:1-10



Amene mumapita ku Nakonde kukaoda katundu muidziwa nkhani iyi. Mukaolokera ku Tunduma, wogulitsa akati mubwere "saa nne", musaganize kuti ni 16 hours. Anzathu olankhula Ciswahili amayamba kuwerenga maora dzuwa likatuluka, ndiye saa nne ni 10 hours m'mawa. Komanso nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ora limodzi, kwathu ikhala ikali 09 hours. Mukasokoneza apa, katundu wapita na wina.

Ayuda a m'masiku a atumwi nawonso anali kuwerenga conco. Usana anaugawa maora 12 kuyambira kutuluka kwa dzuwa. Tsiku la Pentekoste, anthu ataseka kuti ophunzira aledzera, Petro anawakumbutsa kuti linali ora lacitatu cabe, ca m'ma 09 hours. M'ndime yathu ya lero, Petro ndi Yohane akupita ku kacisi pa ora lacisanu ndi cinayi, ndiye 15 hours, ora la mapemphero. Wochi analibe, foni analibe, koma anafika. Pacipata Cokongola anapeza munthu wopunduka cibadwire, wa zaka zoposa 40. Omunyamula nawonso anali kudziwa ora limene anthu amalowa. Onse anasunga nthawi, ndipo munthu uja anayenda. Aleluya!

Kumudzi kwathu wochi ni dzuwa: "Mubwere likapendeka." Maliro saikidwa akuluakulu a banja asanafike. Sungapitirire agogo panjira osawapatsa moni ati cifukwa wacedwa. Ine izi sindizinyoza ai, zimaika munthu patsogolo. Onani kuti Petro nayenso anaima. Sanauze wopempha uja kuti pepani, mapemphero ayamba. Anamuyang'anitsitsa, namugwira dzanja lamanja. Kucedwa kwa mtundu uwu kulibe mlandu.

Manje tiyeni tikambe zoona. Kucedwa kwathu kwa m'tauni, kuja timakucha "Zambian time", nthawi zambiri si kwa agogo kapena kwa wodwala. Ni kuja kotuma meseji kuti "nili pafupi" munthu akali kusita shati. Ndipo pali wina amene amalipira. Ganizirani mlongo amene watseka kantemba kake 16 hours kuti apezeke pa mapemphero a 17. Akhala yekha pa benchi mpaka 18 hours, makasitomala amadzulo apita kwina, ndalama ya ndiwo yapita nawo. Ife tifika mmodzimmodzi, tiyamba mocedwa, titsiriza usiku. Afika kunyumba 21 hours, ana agona osadya, amuna ake amene sapemphera ali pakhomo kudikira.

Sabata yamawa akamuletsa kubwera, tidzaimirira tonse kudzudzula Satana.