Mwana Wosaona Manda a Amace

Werengani Yohane 11:17-36.

M'caka ca 2018 nthenda ya kolera inapha anthu ambiri m'Kanyama, ku Lusaka. Poopa kufalitsa nthendayo, akufa anaikidwa msanga, popanda abale kusambitsa mtembo kapena kugona pamaliro. Cotero ana ena sanaone kumene anaikidwa amao.

Mwana wotere amakhalira kuyang'ana kunjira. Wina amaleka kulankhula. Wina amakodza pamphasa, angakhale ali wamkulu. Asamenyedwe ai. Ndipo kumuuza kuti amai anapita kumudzi ndiko kumnamiza, pakuti adzawayembekeza tsiku ndi tsiku.

Yesu anafunsa kumene anaika Lazaro, nalira anthu akuona. Momwemonso mkulu wa mpingo, pamodzi ndi azakhali ace a mwanayo, amuuze zoona ndi mau ofatsa, amperekeze kumanda, ndi kumleka alire kufikira atatopa.