Phunziro: Boti la Matupi Awiri pa Mwera

Wophunzira wanga, iwe wakulira pa Chia, ndipo mwera ukuudziwa bwino. Imeneyi ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa, imene imalimba kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Ikakula, asodzi amakokera mabwato kumtunda. Koma alipo ena amene amaidikira. Mpikisano wa maboti oyendera mphepo wa pa Nyanja ya Malawi, umene unayamba mu 1984, umachitika mu Julayi, kuchokera ku Mangochi kulowera kumpoto, mtunda wopitirira makilomita 500. Lero tiphunzira za boti limodzi lotchuka pa mpikisanowu, dzina lake Hobie 16.

Tiyambe ndi mawu atatu. Thanga ndi nsalu yaikulu yokola mphepo. Mlongoti ndi mzati wautali woimikira thanga. Tsigiro ndi chiwongolero chimene chimamira m'madzi kumbuyo kwa boti. Uwasunge mawuwa.

Botili analikonza Hobie Alter wa ku California, ndipo linatuluka mu 1970. Ndi katamarani, kutanthauza boti la matupi awiri olumikizidwa pamwamba. Matupiwo ndi a faiba. M'litali ndi mamita 5, m'lifupi mamita 2.4, kulemera pafupifupi makilogalamu 145, pamene matanga ake awiri ndi a masikweya mita 20. Thanga lalikulu chotere pa boti lopepuka chotere! Liwiro limachokera pamenepo.

Nanga matupi awiri ngachiyani? Bwato wowonda umathamanga chifukwa umang'amba madzi mosavuta, koma suchedwa kugudubuka. Bwato wotakata sugudubuka msanga, koma ndi waulesi. Katamarani amatenga zabwino za onse awiri: thupi lililonse ndi lowonda, koma matupiwo atalikirana, ngati munthu woima chotangadza miyendo.

Tsopano tafika povuta, tchera khutu. Mphepo ikamawomba cha m'mbali, imafuna kukankhira boti cham'mbali momwemo. Maboti ambiri ampikisano ali ndi thabwa lotsikira m'madzi loletsa kutsetserekako. Hobie 16 lilibe thabwalo. M'malo mwake, thupi lililonse ndi lophwatalala kunja, lokhota mkati. Thupi la mbali imene mphepo ikupita limamira kwambiri, ndipo mbali yake yophwatalalayo imagwira madzi. Boti likakanika kupita cham'mbali, mphamvu ya thanga imalipititsa kutsogolo. Ndibwereze: ntchito ya thabwa ikugwiridwa ndi kapangidwe ka thupi.

Kwa ine, nzeru yaikulu ya botili ndi imeneyi. Limakwera pamchenga popanda chothyoka pansi, ndipo matsigiro ake amadzuka okha akagunda. Vuto lake ndi lakuti polimbana ndi mphepo limachedwa kutembenuka. Paja palibe boti la thanga lolunjika kumene mphepo ikuchokera. Limapita mokhotakhota, uku kenako uku.

Amalinyero amakhala awiri. Mphepo ikakula amadzikoleka pa chingwe chochokera pa mlongoti, chotchedwa trapeze, naimirira kunja kwa boti kuti kulemera kwawo kuliwongole. Choopsa chili kutsogolo: mphuno za matupiwo ndi zowonda, ndiye pa mafunde a mwera mphuno imatha kuboola funde, boti n'kugubuduka chamutu. Mankhwala ake ndi kusunthira kumbuyo kwenikweni.

Ntchito yako nayi: jambula matupi awiriwo ukuwaonera pamwamba, usonyeze mbali yophwatalala ndi kumene mphepo ikuchokera. Ubwere nayo mawa.