Kulera maselo a munthu pa kolajeni kumalo otentha

Ku Al Mankhool, m'dera la Bur Dubai, kutentha kwa mu Julayi ndi Ogasiti kumapyola madigiri 40. Wolera maselo a munthu m'labotale za mumzinda wa Dubai amayamba ndi kuopa kutenthako, chifukwa kolajeni wamadzimadzi akangofunda amaundana nthawi yake isanakwane. Botolo liyende pozizira, lisungidwe pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo pogwira ntchito likhale pa ayezi.

Kolajeni ndi puloteni yomwe imalimbitsa khungu ndi minyewa. Wofala m'labotale amachokera ku michira ya makoswe, ndipo mu 1956 Ehrmann ndi George Gey a ku Johns Hopkins anaonetsa kuti maselo amakula bwino pa iye. Aliponso wa ng'ombe ndi wa nkhumba. M'dziko la Asilamu ngati ili, ndi bwino kufunsiratu komwe wachokera.

Njira yosavuta yolerera maselo pa kolajeni ndi yopaka. Katswiri amasungunula kolajeni mu asidi wofooka wa acetic, n'kuthira m'mbale mamaikrogalamu 5 mpaka 10 pa sikweya sentimita iliyonse. Pakatha ola, amachotsa madziwo n'kutsuka ndi madzi amchere otchedwa PBS. Asadumphe kutsukako, poti asidi wotsalira amapha maselo.

Kuumba jelo, momwe maselo amakhala m'kati, n'komwe kumavuta. Zonse zili pa ayezi, amasakaniza kolajeni ndi chakudya cha maselo, n'kudonthezera sodium hydroxide pang'onopang'ono mpaka pH ifike cha m'ma 7.4. Mtundu wa phenol red wa m'chakudyacho ndiwo umamutsogolera: chikasu ndiye kuti asidi akadali wambiri, kufiira kopita ku pinki ndiye kuti zafika, pepo ndiye kuti wapyoza. Apa achite changu. Amathiramo maselo, kutakasa mosadzutsa thovu, n'kuika mbale m'chofungatira cha madigiri 37 chokhala ndi mpweya wa carbon dioxide wa 5 peresenti. Pakatha mphindi 30 kapena ola, jelo amakhala atagwira ngati phala lozizira, ndipo ndi pomwe amathira chakudya pamwamba.

Chakudyacho chisinthidwe pakapita masiku awiri kapena atatu. Jelo akayamba kunyala, asadabwe. Eugene Bell wa ku MIT anafotokoza mu 1979 kuti maselo a pakhungu otchedwa fibroblast amakoka ulusi wa kolajeni, ndipo ntchito yakeyo inabala Apligraf, khungu lothandiza zilonda zosapola lomwe linavomerezedwa ku America mu 1998.

Pokolola maselo a m'jelo, mankhwala omasula maselo otchedwa trypsin paokha sakwanira. Pamafunika collagenase, wogaya kolajeni.