Kodi Womwetsa Zigoli Aziseŵeranso Malo Ena?

Tauni ya Nkhata Bay ili m'mphepete mwa Nyanja ya Malaŵi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Mzuzu. Dera limeneli ndi la zitunda ndi zigwa, ndipo nyumba zambiri zinamangidwa pa malo otsetsereka moyang'ana kunyanja. Malo athyathyathya ndi osoŵa. Chifukwa cha ichi, bwalo la mpira wa manja la pasukulu ndi chinthu cha mtengo wapatali, ndipo atsikana amadzazapo madzulo alionse pamene mvula yakata. Mpira weniweni ukasoŵa, amaseŵera ndi mpira wa labala wonga umene anyamata amagulitsa m'mbali mwa mseu kufupi ndi munda wa labala wa Vizara.

Mpira wa manja, umene ena amautcha ntchemberembaye, uli ndi malamulo ake. Timu iliyonse imakhala ndi oseŵera 7. Bwalo ndi lotalika mamita 30.5 ndipo limagaŵidwa m'zigaŵo zitatu. Woseŵera aliyense ali ndi malire amene saloledwa kupitirira. Kumapeto kwa bwalo, mbali zonse ziŵiri, kumakhala mzati wokhala ndi mkombero wachitsulo pamwamba, mamita 3.05 kuchokera pansi. Mwa oseŵera 7 aja, aŵiri okha ndiwo amaloledwa kuponya mpira mumkomberomo. Wina amavala malaya olembedwa GS, winayo GA. Wa GS sachoka m'chigaŵo cha kutsogolo. Ntchito yake ndi kulandira mpira pafupi ndi mzati ndi kumwetsa chigoli masekondi 3 asanathe.

Pa sukulu ina ya pulaimale m'tauniyi panali mtsikana wa Sitandade 5 amene anali wamtali kuposa anzake onse. Tsiku loyamba limene anafika pabwalo, aphunzitsi anangomuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nampatsa malaya a GS. Kuyambira pomwepo malo ake anali pansi pa mzati. Dzanja lake linali labwino ndithu. Kaŵirikaŵiri mpira wake unkaloŵa mumkombero osakhudza chitsulo, ndipo amayi ogulitsa usipa kumsika ankamuloza akamadutsa.

Teremu yachiŵiri kunabwera aphunzitsi atsopano a maseŵera. Iwo atayang'anira timuyo kwa sabata imodzi, analamula kuti pophunzira mpira Lachiŵiri ndi Lachinayi, aliyense azisintha malo. Mtsikana wamtali uja anampatsa malaya a GK, wotchinga wa kumbuyo kwenikweni, ndipo malaya a GS anapatsa kamtsikana kena kakafupi kamene kanali kasanaponyepo mpira mumkombero chiyambire.

"Pepani aphunzitsi, ine malo anga ndi kutsogolo. Kumbuyo sindikudziŵako," anatero mtsikanayo akuyang'ana pansi.

"N'chifukwa chake ndakutumiza komweko, mwanawe," anayankha aphunzitsiwo.

Nkhaniyi sinathere pabwalo. Makolo ena anadandaula kwa aphunzitsi aakulu, ndipo mau ao sanali opanda nzeru. Iwo anati kumwetsa zigoli ndi luso lofuna kuliphunzira tsiku ndi tsiku, pakuti dzanja limaiŵala msanga. Anati m'mera mpoyamba: mwana amene waonetsa mphatso asamusokoneze ndi ntchito zina. Anatchulanso Mwai Kumwenda wa ku Mzimba, amene anatchuka pa dziko lonse lapansi ndi ntchito imodzi yomweyi, mpaka anasankhidwa kukhala woseŵera woposa onse pa mpikisano wa maiko onse umene unachitikira ku Sydney m'dziko la Australia m'chaka cha 2015. Ndipo wina anafunsa kuti, "Nanga mwanayo akakabzungunyuka bondo kumbuyoko, zigoli adzamwetsa ndani?"

Mkangano wotere si wa ku Nkhata Bay kokha. Ku America atsikana ambiri amaseŵera mpira wotchedwa softball. M'maseŵera ameneŵa mtsikana mmodzi amaponya mpira mwamphamvu, dzanja likuzungulira n'kudzera m'munsi, ndipo wa timu inayo amayesa kuumenya ndi chibonga. Woponyayo ndiye nsanamira ya timu. Motero aphunzitsi ena samlola kugwira chibonga kapena kuima pa malo ena, kuopa kuti angatope kapena kuvulala. Ena amakana, nanena kuti mwana wa zaka 10 ayenera kulaŵa mbali zonse za maseŵera. Madokotala naonso amachenjeza kuti thupi la mwana likamabwereza ntchito imodzi yokhayokha, mfundo za m'mapewa ndi m'zigongono zimapweteka. M'maseŵera ofanana nao otchedwa baseball, bungwe la Little League linaika lamulo m'chaka cha 2007 lakuti mwana wa zaka 9 kapena 10 asaponye mipira yoposa 75 pa tsiku. Ku England ndi ku New Zealand ana a ku pulaimale amaseŵera mpira wa manja mosinthana malo, kuti aliyense amwetseko, atchingeko, ndi kuthamangako pakati.

Aphunzitsi atsopano aja anali ndi zifukwa zao. Choyamba chinali cha msinkhu. Mwana amene ali wamtali mu Sitandade 5 sadziŵika ngati adzakhalabe wamtali mu Sitandade 8. Ena amakula msanga n'kuima, ena amachedwa kenaka n'kuphuka ngati nsungwi. Tsono mtsikana amene anazoloŵera kungoima pansi pa mzati, anzake akampitirira msinkhu, amatsala wopanda malo. Kuthamanga sakudziŵa, kulanda mpira sakudziŵa, ndipo ambiri otere amangousiya mpirawo. Komanso pali atsikana ena 5 aja amene malamulo sawalola kumwetsa. Mwa iwo mungathe kukhala wa dzanja labwino koposa, koma adzadziŵika bwanji ngati sampatsa mpata?

Akatswiri ena a dziko lino anadzera njira yokhotakhota yomweyi. Tabitha Chawinga wa ku Rumphi anayamba mpira wa miyendo ali wapagolo, wogwira mipira. Pambuyo pake anapita kutsogolo, ndipo m'chaka cha 2023 anaposa akazi onse a mu ligi ya ku Italy pomwetsa zigoli 23 ali ku timu ya Inter Milan. Towera Vinkhumbo, wotchinga wodziŵika wa Malawi Queens, anaseŵereraponso timu ya dziko lino ya mpira wa miyendo ya akazi.

Koma mtsikana wathu uja zonsezi sizinamgwire mtima. Madzulo ena anapita kudooko kumene agogo ake aamuna ankasoka chilimira, ukonde waukulu wophera usipa, nawafotokozera dandaulo lake. Agogowo pa unyamata wao anali siginala. Siginala ndi msodzi amene amatsogola ndi bwato la nyali usiku wopanda mwezi. Usipa umasonkhana pansi pa kuwalako, ndipo iye amaukokera pang'onopang'ono ku ukonde, kenaka n'kuuza anzake nthaŵi yokoka.

"Mdzukulu wanga," anatero agogowo osaleka kusoka, "ukuganiza kuti nyali anandipatsa tsiku loyamba? Ndinayamba ndi kukapa madzi m'bwato. Kenaka ndinapalasa, kenaka ndinakoka zingwe mpaka manja kuchita matuza. Siginala amene sanakokepo chingwe amafuula nthaŵi yolakwika, chifukwa sadziŵa kulemera kwa ukonde. Nsomba zimathaŵa, anthu n'kubwerako chimanjamanja."

Mtsikanayo anangoti chete, koma Lachinayi anavala malaya a GK mosanyinyirika. Masiku oyamba anavutika kwambiri. Lamulo limati wotchinga aime mamita 0.9 kuchokera kwa amene wagwira mpira, ndipo iye ankayandikira mopitirira, wezulo n'kulira. Ankapuma ŵefuŵefu pamene anzake anali asanatuluke n'thukuta lomwe. Komabe pang'onopang'ono anayamba kuona zimene sankaziona kale. Anaona kuti womwetsa zigoli woima malo amodzi savuta kumtchinga, pakuti wotchinga amangoima patsogolo pake basi. Anaona kuti maso a woponya amaulula kumene mpira ukupita. Kamtsikana kakafupi kaja ndiko kankamsautsa koposa, chifukwa sikankakhazikika: kankanamizira kupita kumanzere n'kutulukira kumanja. Apa ndi pamene iye anazindikira kuti mwini wakenso anali ndi chizoloŵezi chotembenukira mbali imodzi yokha nthaŵi zonse, ndipo wotchinga wochenjera akanatha kumgwira mosavuta.

Pa chinthu chimodzi makolo aja ananena zoona, ndipo aphunzitsi anavomera. Dzanja limaiŵaladi. Motero anakonza kuti aliyense wofuna kumwetsa zigoli azitsalira kanthaŵi pambuyo pa maseŵera n'kumaponya mumkombero. Anavomeranso kuti pa tsiku la mpikisano weniweni, aliyense aziima pa malo amene amawatha koposa. Kusinthana kunali kwa masiku ophunzira ndi maseŵera a chibale.

Mpikisano wa sukulu za m'deralo unafika kumapeto kwa teremu. Kutatsala masiku aŵiri, mtsikana wamtali uja anagwidwa ndi malungo, nagonekedwa kunyumba akumwa mankhwala a kuchipatala. Loŵeruka m'maŵa aphunzitsi anatenga malaya a GS napatsa kamtsikana kakafupi kaja. Manja ake ankanjenjemera, ndipo mipira yoyamba inamenya chitsulo n'kugwera kunja. Chigaŵo chachiŵiri mtima unakhala pansi, nayamba kumwetsa. Timuyo inalimbana mpaka wezulo womaliza, koma inagonja ndi zigoli zoŵerengeka.

Pobwerera kunyumba makolo anatsutsanabe m'njira monse. Ena anati akanakhalapo mwini malo, sukulu ikanapambana. Ena anati chaka chathachi, mwini maloyo akanadwala chotere, sipakanapezeka ndi mmodzi yemwe wodziŵa kuponya.

Patapita sabata mtsikana uja anachira nabwerera pabwalo. Aphunzitsi anatambasula malaya onse 7 pa udzu kuti ana asankhe. Iye anadutsa a GS, nadutsanso a GK, natola olembedwa C, a woseŵera wapakati amene amathamanga zigaŵo zonse zitatu.

"Aphunzitsi, aŵa sindinavalepo," anatero.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani malo oseŵerera ndi osoŵa ku Nkhata Bay?
2. Ndi oseŵera angati amene amaloledwa kumwetsa zigoli mu mpira wa manja?
3. Fotokozani zifukwa ziŵiri zimene makolo anapereka pokana kuti mtsikanayo asinthe malo.
4. Kodi siginala amagwira ntchito yotani? Nanga agogo anatanthauzanji ndi nkhani yao?
5. Kodi mtsikanayo anaphunzira chiyani pamene anali wotchinga?

Ntchito

Pangani ziganizo ndi mau aŵa: athyathyathya, nsanamira, chimanjamanja, mosanyinyirika.

Gaŵanani m'magulu aŵiri. Gulu lina liimire makolo, lina liimire aphunzitsi, ndipo muchite mtsutso.