Kusamutsira mbuna m'thanki yaikulu: zoyenera ndi zosayenera

Zambia ilibe nyanja yamchere. Woweta nsomba za m'madzi amchere ku Lusaka amafunika mchere wapadera wogula kunja, magalamu 35 pa lita imodzi, madzi osefedwa ndi makina ndi magetsi osazima. Kwa wokhala ku Matero, Chawama kapena Mtendere, nsomba zokongola zomwe angakwanitse ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, zachikasu, zabuluu ndi zamizeremizere, zomwe zinathandiza kuti paki ya ku Cape Maclear izindikiridwe ndi UNESCO mu 1984. Mbuna zikakula zimayamba kulumana, ndipo thanki yaikulu imafunika. Koma tsiku losamuka limatha kupha nsomba zomwe mwazilera zaka, ndipo chomwe chimazipha ndi phuma.

1. Poika thanki

Choyenera: Werengani kulemera musanagule. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Thanki ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 msinkhu imalowa malita oposa 240. Mukawonjezera galasi, miyala ndi mchenga, katunduyo apitirira makilogalamu 300. Owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga angakupangireni choikapo cholimba. Onetsetsani kuti sichikupendekera, ndipo muyale katofomu kopyapyala pansi pa galasi.

Chosayenera: Musaike thanki pa kabati yathabwa wamba, pawindo lolowa dzuwa, kapena pafupi ndi mbaula. Ngati muli ku Kanyama kumene madzi amalowa m'nyumba nthawi yamvula, zingwe zamagetsi zisakhale pansi.

2. Madzi

Choyenera: Dzazani thanki masiku awiri kapena atatu nsomba zisanalowe, kuti muone ngati sikudontha. Madzi apansi a ku Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, n'chifukwa chake ketulo imachita zoyerayera mkati. Madzi otere amagwirizana ndi mbuna, chifukwa kwawo pH imakhala pafupifupi 8. Ngati madzi ndi a pampopi, thirani mankhwala ochotsa klorini.

Chosayenera: Musatunge pachitsime chosazama cha pafupi ndi zimbudzi. Musagwiritsenso ntchito ndowa yomwe inalowapo sopo, mafuta kapena mankhwala ochapira. Nsomba zikhale ndi ndowa zawozawo.

3. Sefa yakale

Choyenera: Apa ndiye pagona nkhani yonse. M'siponji yabulauni ya m'sefa yanu muli mabakiteriya amene amasandutsa amoniya wochokera m'zonyansa za nsomba kukhala naitiraiti, kenako naitireti yemwe ululu wake ndi wochepa. M'thanki yatsopano mabakiteriyawa amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti achuluke. Choncho samutsani siponjiyo ili yonyowa, m'madzi a thanki yakale. Ngati mwagula sefa yaikulu, ziwirizi ziyendere limodzi kwa mwezi wathunthu.

Chosayenera: Musatsuke siponji pampopi ngakhale ioneke yauve, chifukwa klorini imapha mabakiteriya. Ingoifinyani pang'ono m'ndowa ya madzi akale. Musaisiye padzuwa kuti iume. Mukatero, patapita masiku ochepa mudzaona nsomba zikupuma mwawefuwefu pamwamba pa madzi, zipsepse zitakwinyika, ngakhale madzi ali mbee.

4. Miyala ndi mchenga

Choyenera: Yambani ndi miyala, mchenga ubwere pambuyo. Mbuna zimakumba ndi pakamwa n'kumalavula mchenga pambali, ndipo mwala wokhala pamchenga ungagwe n'kuswa galasi. Pangani mapanga ambiri kuposa chiwerengero cha nsomba. Mwala womwe ukuchita thovu mukaudonthezera viniga ndi wa laimu, ndipo ndi wabwino kwa mbuna.

Chosayenera: Musaunjike miyala monga inalili kale, chifukwa yaimuna yolusa idzazindikira malo ake n'kuyambiranso kuthamangitsa zinzake. Mchenga wakale musauthire osautsuka, popeza pansi pake pamabisala litsiro lonunkha.

5. Tsiku losamutsa

Choyenera: Lekani kudyetsa nsomba kutatsala tsiku limodzi. Sankhani nthawi yomwe mukuyembekeza kuti magetsi akhalapo. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, madera ena ankakhala maola oposa 20 opanda magetsi, choncho kapampu kampweya koyendera mabatire kakhale pafupi nthawi zonse. M'thanki yakale chotsani miyala kaye, chepetsani madzi, kenako gwirani nsomba ndi kaukonde n'kuziika m'ndowa yovundikira.

Chosayenera: Musazithamangitse pakati pa miyala mpaka zitatopa. Yaikazi yomwe yatupa kukhosi ndipo sikudya yafungatira mazira m'kamwa. Musaitulutse m'madzi, itengeni ndi kachidebe, chifukwa ikadzidzimuka imalavula mazira.

6. Kutentha kwa madzi

Choyenera: Madzi a mathanki onse awiri akhale ofanana, pakati pa madigiri 24 ndi 27. Thirani madzi atsopano pang'onopang'ono m'ndowa ya nsomba kwa theka la ola musanazilowetse. Mu June ndi July usiku wa ku Lusaka umazizira kwambiri, ndiye magetsi akazima fundikani thanki ndi bulangete.

Chosayenera: Musadalire hita yakale yaing'ono pa madzi ochuluka. Musathire madzi owira m'thanki kuti atenthe msanga.

7. Milungu yoyamba

Choyenera: Dyetsani pang'ono, chakudya chokhala ndi ndere kapena masamba, chifukwa m'nyanja mbuna zambiri zimabudula ndere pamiyala. Sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi mlungu uliwonse. Ngati muli ndi zoyezera, yezani amoniya ndi naitiraiti kawirikawiri.

Chosayenera: Musagule nsomba zina mwezi usanathe, ngakhale thanki ioneke yopanda kanthu. Musazipatse nsima, buledi kapena nyama. Zimatupa mimba n'kufa.

8. Thanki yakale

Choyenera: Isungeni. Idzakuthandizani kupatula nsomba yodwala, yovulazidwa, yofungatira, kapena yongogulidwa kumene kwa milungu ingapo isanasakanikirane ndi zinzake.

Chosayenera: Nsomba zikachuluka musazitaye m'ngalande, mumtsinje kapena m'damu. Zambiri zimafa mozunzika, ndipo zopulumuka zingafalitse matenda kwa nsomba za m'deralo. Pezani mnzanu woweta nsomba, mumupatse pamodzi ndi kachidutswa ka siponji yanu yakale kuti thanki yake iyambe bwino.