NSOMBA ZA M'GALASI NDI MADZI A PAMPOPI

Aphunzitsi ena amaweta tinsomba m'thanki yagalasi kuti ana a sukulu aziphunzirapo. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndithu, koma woweta ayenera kudziwa kuti madzi sali amodzimodzi, ngakhale onse aoneke oyera.

Madzi a pamjigo, ndi a m'mipopi yambiri, amayamba adutsa m'miyala pansi pa nthaka, ndipo kumeneko amatenga laimu. Amayi amawadziwa msanga madzi otere: sopo sachita thovu, ndipo m'ketulo mumatsala zoyera zolimba. Madzi a mvula alibe laimu.

Tsono pali kansomba kofiira ndi kabuluu kotchedwa cardinal tetra, kamene akatswiri adakapatsa dzina mu 1956. Kwawo ndi ku mtsinje wa Rio Negro m'dziko la Brazil. Madzi a mtsinjewo ndi oderako ngati tiyi chifukwa cha masamba ovunda a m'nkhalango, ndipo laimu mulibemo. Kansomba aka kakakhala kakakulu kangathe kuzolowera madzi a laimu wochepa, koma mazira ake saswa m'madzi otere.

Chimene chimapha nsomba kawirikawiri ndicho kusintha madzi mwadzidzidzi. Munthu akamva kuti madzi a mvula ndiwo abwino, amakhuthula onse a m'thanki ndi kuthiramo a mvula okhaokha, ndipo m'mawa amapeza nsomba ziri gada. Madzi a mvula paokha sakhazikika, amasanduka owawasa msanga. Choyenera ndi kuwasakaniza ndi a pampopi, theka ndi theka, ndipo sabata iriyonse achotse gawo limodzi mwa magawo 5 a madzi akale, nathire osakanizawo pang'onopang'ono. Mvula yoyamba yotsuka denga aisiye ipite. Madzi a pampopi nawo akhale m'ndowa yosavundikira tsiku lathunthu kuti mankhwala a klorini achoke. Zigoba za nkhono ndi miyala ya laimu asaziike m'thanki, chifukwa zimasungunuka ndi kubwezeramo laimu yemwe uja.

Kumene kusunga madzi a mvula mpaka mwezi wa Okotobala kuli kovuta, mphunzitsi asadzivutitse. Asankhe nsomba zogwirizana ndi madzi amene ali nawo, monga guppy kapena mbuna za m'Nyanja ya Malawi, zimene zimakhala bwino m'madzi a laimu. Koma mbuna ndi zandewu, zimafuna thanki yaikulu ndi miyala yambiri yobisalamo.