Tikamadandaula za vuto losatha m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi

Tiyerekeze kuti mjigo wa m'mudzi mwathu kuno ku Midzemba ukungowonongeka mwezi ndi mwezi, ndipo atituma kulemba kalata ku khonsolo ya Neno. Ambirife timathamangira kulemba kuti "The borehole broke down." Chiganizochi n'cholondola, koma wowerenga amva kuti mjigo unawonongeka kamodzi, mwinanso unakonzedwa kale. Kalata yotere sayifulumirira.

M'Chichewa sitivutika: timati "wakhala ukuwonongeka" kapena "ukuwonongekabe". Chofanana nacho m'Chingerezi ndi "The borehole has been breaking down since January." Tikatopa nawo tinganene kuti "It keeps breaking down," kapena "It is always breaking down." Chomalizachi chimamveka kunyansidwa, choncho tisachilembere akuluakulu a boma.

Chipwitikizi chimatikhudzanso, poti boma lathu lachita malire ndi chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ena mwa ife tidzagwira ntchito kapena kuchita malonda ku Zóbuè ndi ku Moatize. Kumeneko pampu ya mjigo amaitcha bomba. "A bomba continua a avariar" ndiye kuti ikuwonongekabe. "A bomba tem avariado" ndiye kuti yakhala ikuwonongeka mobwerezabwereza mpaka lero. Apa pali msampha. Mawu oti tem avariado amaoneka ngati has broken down, koma si amodzi. A Chingereziwo akhoza kunena za kuwonongeka kamodzi kokha, ndipo zikatero Chipwitikizi chimangoti avariou.

Msampha wina, umenenso umadya malikisi pa mayeso a MSCE, uli pa kutchula nthawi. Chipwitikizi chimati "A bomba está avariada há três meses," mneni ali mu nthawi yatsopano. Tikatengera zimenezi m'Chingerezi n'kulemba "The pump is broken since three months," talakwa pawiri. Cholondola ndi "The pump has been broken for three months." For amayenda ndi kutalika kwa nthawi, monga miyezi itatu, pamene since amafuna poyambira, monga January kapena 2023.

Sabata ino aliyense asankhe vuto limodzi la kwawo, kaya msewu woterera m'dzinja kaya kuzima kwa magetsi, alembe ziganizo zitatu m'Chingerezi. Amene ali ndi achibale a ku Tete awafunse mmene angazinenere m'Chipwitikizi, tidzafananize m'kalasi.